Kodi ana aang'ono tingapite nawo kukaonera mpira wa m'holo?

Funso: Ndili ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 6, wachiwiri wa zaka 3 ndi khanda la miyezi 5. Bambo awo akufuna kuti tonse tikaonere mpira wamiyendo woseweredwa m'holo, ndipo masewerowo adzayamba madzulo. Kodi ana a misinkhu imeneyi angapirire, nanga tikonzekere motani?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi maganizo anga, zifukwa zake zibwere pambuyo. Mwana wa zaka 6 mutengeni ndi mtima umodzi, chifukwa pa msinkhu umenewu akhoza kutsatira mpira ndi kusangalala nawo. Wa zaka 3 akhozanso kupita, koma pokhapokha ngati mmodzi wa inu makolo wavomereratu kuti adzatuluka naye nthawi ina iliyonse, ngakhale masewero atafika pokoma. Khandalo ndikadakonda litatsala ndi munthu amene mumamukhulupirira. Chimene chikundichititsa kusiyanitsa ana anu chotere kwenikweni ndi phokoso, ngakhale kuti makolo ambiri pokonzekera ulendo wotere amaganiza za zinthu zina zonse n'kuiwala makutu a mwana.

Choyamba dziwani mtundu wa mpira umene mukukaonera, popeza ndi umene udzakuuzani kutalika kwa nthawi imene ana adzakhale pampando. Mpira wa m'holo wofala kwambiri padziko lonse ndi futsal, umene unayambira mumzinda wa Montevideo ku Uruguay mu 1930, pamene mphunzitsi wina dzina lake Juan Carlos Ceriani ankafuna masewero oti achinyamata azisewera m'mabwalo a basketball. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 5 kuphatikizapo goloboyi, ndipo amasewera zigawo ziwiri za mphindi 20 chilichonse. Mphindi 40 zimenezi zisakunamizeni, chifukwa wotchi imaimitsidwa nthawi iliyonse mpira ukatuluka kapena woyimbira akaliza wezulo. Mukaphatikiza kupuma kwa pakati, kumene kumatha kufika mphindi 15, ndi mphindi imodzi imene timu iliyonse imaloledwa kupempha m'chigawo chilichonse, masewero onse amapitirira ola limodzi ndipo kawirikawiri amayandikira ola limodzi ndi theka. Mtundu wina, wodziwika kwambiri ku North America, umaseweredwa pa kapinga wochita kupanga m'bwalo lozunguliridwa ndi makoma, osewera 6 mbali iliyonse ndi zigawo zinayi za mphindi 15, ndipo umenewu umatenga pafupifupi maola awiri, nyimbo zikulira mokweza nthawi iliyonse imene mpira waima. Pa nthawi imeneyi onjezani ulendo, mzere wa pakhomo ndi kudikira kuti masewero ayambe, mudzaona kuti mukupempha mwana wa zaka 3 kupirira maola atatu kapena kuposerapo.

Bambo a anawo sanalakwitse posankha mpira umenewu, chifukwa kwa mwana amene akuyamba kumene kuonera masewero ndi wosavuta kutsatira kusiyana ndi wa m'bwalo lalikulu. Pamasewero a pakati pa mayiko bwalo la futsal limakhala la mamita 38 mpaka 42 m'litali ndi 20 mpaka 25 m'lifupi, choncho mwana amaona nkhope za osewera, amamva nsapato zikukwecha pansi, ndipo mpira suchedwa kufika pagolo. Akatswiri ena otchuka a ku Brazil monga Ronaldinho ndi Neymar anaphunzirira luso lawo m'mabwalo aang'ono oterewa ali ana. Koma kuchepa kwa malo komweko, kumene kumachititsa kuti mpira ukome, ndi kumenenso kumakulitsa phokoso.

Panja phokoso la ochemerera limabalalika n'kupita kumwamba, pamene m'holo limagunda makoma, denga ndi pansi polimba n'kubwereranso m'makutu mwa anthu omwewo. Ng'oma, malipenga, mawezulo ndi zokuzira mawu zikaphatikizana ndi mfuu ya chigoli, holo yodzaza imasokosa kuposa mmene munthu angaganizire poona chiwerengero cha anthu amene alimo. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 16,000 m'khutu lililonse pamene munthu akubadwa. Timaseloti ndi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita kuubongo, ndipo tikafa chifukwa cha phokoso sitimeranso. Choopsa n'chakuti kuwonongeka kumeneku sikupweteka ndipo sikuoneka tsiku lomwelo, kumangounjikana pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mwana ali pachiopsezo chachikulu kuposa inu pa zifukwa ziwiri: ngalande ya khutu lake ndi yaing'ono, zimene zimachititsa kuti mawu ena afike mwamphamvu kwambiri m'katimo, komanso sadziwa kunena kuti phokoso lamukulira kapena kudzichokera yekha pamalopo.

Mphamvu ya phokoso imayezedwa m'madesibelo, ndipo manambala ake amanamiza ngati munthu sawazolowera. Bungwe la NIOSH la ku United States, limene limaona za chitetezo cha anthu pantchito, limati munthu wamkulu asakhale m'phokoso la madesibelo 85 kupitirira maola 8 patsiku, ndipo madesibelo akakwera ndi 3 okha nthawi yololedwayo imachepa ndi theka. Zikutanthauza kuti pa madesibelo 88 ndi maola 4, pa 94 ndi ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Malire amenewa anaikidwira anthu akuluakulu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, polangiza za kumvera nyimbo pazipangizo za m'makutu, limaika madesibelo 80 kwa maola 40 pasabata kwa akuluakulu, koma kwa ana limatsitsa kufika pa 75. Simukusowa chipangizo kuti mudziwe pamene mwafika, ngakhale kuti mafoni ambiri akhoza kukupatsani chithunzithunzi. Ngati mukuchita kukweza mawu kuti bambo a anawo akumveni ali pamtunda wa mita imodzi, dziwani kuti mwina phokosolo lafika kapena lapitirira madesibelo 85.

N'chifukwa chake chinthu chimene ndingakuuzeni kuti musachisiye kunyumba ndi zotchingira makutu za ana, zija zokhala ndi timbale tiwiri tophimba khutu lonse ndi lamba wodutsa pamutu. Zopangidwa bwino zimalembedwa pa paketi kuti zimachepetsa phokoso ndi madesibelo 20 kapena kuposerapo pang'ono, koma zimatero pokhapokha zitagwira bwino kuzungulira khutu, popanda chipewa, tsitsi lambiri kapena mikono ya magalasi yotsegula mpata. Zotsekera zazing'ono zolowetsa m'khutu n'zosayenera kwa mwana wa zaka 3, chifukwa sizikwana bwino m'ngalande yake ndipo akhoza kuzichotsa n'kuziika m'kamwa. Thonje silithandiza kwenikweni, ndipo mahedifoni omvera nyimbo sanapangidwire ntchito imeneyi. Vuto limene makolo ambiri amakumana nalo ndi lakuti mwana amakana kuvala zotchingira makutu zija atafika kale m'holo, chifukwa akuziona koyamba pamene wasokonezeka kale ndi khamu la anthu. Muzoloweretseni kunyumba masiku angapo ulendo usanachitike, azivale posewera kwa mphindi zochepa, ndipo mkulu wake azivalanso, popeza wamng'ono amakonda kutsanzira wamkulu. Patsikulo muvekeni musanalowe pakhomo. Akakana ndithu, ine ndingatuluke naye m'malo molimbana naye pampando.

Za khanda lija, phokoso ndi chifukwa choyamba koma sichokhacho. Holo ndi malo otsekeka amene anthu ambiri amapuma mpweya umodzi kwa nthawi yaitali akufuula ndi kuimba, ndipo tizilombo ta chimfine ndi ta matenda ena a m'chifuwa timafala mosavuta m'malo otere. Kachilombo ka nthenda ya chikuku kamatha kukhala mumpweya mpaka maola awiri wodwalayo atachoka, pamene katemera woyamba wa nthendayi amaperekedwa pa miyezi 9 m'mayiko ambiri ndipo m'mayiko ena pa miyezi 12, kutanthauza kuti wanu wa miyezi 5 sanafikepo. Khandalo silipindula kanthu ndi masewerowo, choncho palibe chimene mukulimana polisiya. Ngati palibiretu womusiyira, mukhale nalo pachifuwa chanu m'chonyamulira mwana, chifukwa kangolo kokankha kamavuta pamasitepe ndipo maholo ambiri salola kuti kaime m'tinjira ta pakati pa mipando. Livekeni zotchingira makutu za makanda, zokhala ndi lamba wofewa wozungulira mutu amene sapanikiza liwombo, ndipo muzituluka nalo pafupipafupi kupita pamalo a phee. Khanda likagona m'phokoso sindiye kuti makutu ake apuma, ndipo nthawi zina kugonako kumangosonyeza kuti latopa kwambiri.

Mpando umene mudzasankhe udzathetsa mavuto ambiri asanayambe. Pewani kumbuyo kwa golo. Mpira wa futsal ndi waung'ono kusiyana ndi wa m'bwalo lalikulu, koma ndi wolemera magalamu 400 mpaka 440 ndipo unapangidwa kuti usamadumphe kwambiri, choncho umamveka wolimba ukagunda munthu. Golo lake ndi la mamita 3 m'lifupi ndi 2 m'mwamba basi, ndiye mipira yambiri yomenyedwa mwamphamvu imaphonya n'kulunjika kwa oonera. Maholo ena amaika ukonde kumbuyoko, ena alibe, ndipo ngakhale ukondewo ulipo umatha kutambasuka n'kufika pankhope ya munthu wa mumzere woyamba. Kumbuyo kwa golo ndi kumenenso kumakonda kukhala ochemerera a ng'oma ndi malipenga. Khalani m'mbali mwa bwalo, mizere ingapo kuchokera pansi, kutali ndi zokuzira mawu, ndipo mipando yanu ikhale ya kumapeto kwa mzere kuti potuluka musamapemphe anthu khumi kuti aimirire. Yang'anani kumwamba ndi m'makoma kuti muone pamene apachika masipika musanakhale pansi. Mipando yopindika yokha ija ilinso ndi vuto lake, chifukwa mwana wopepuka akakhala chakumbuyo kapena akaimirira pamenepo, mpando umapindika n'kumupana miyendo. Wa zaka 3 akhale pakati pa inu awiri kapena pamiyendo panu, ndipo asaimirire pampando kapena kutsamira zitsulo zotchingira.

Wa zaka 3 ameneyu ndiye adzalamulire ulendo wonse, kaya mufune kaya musafune. Pa msinkhu umenewu mwana amaika mtima pa chinthu chimodzi kwa mphindi zochepa chabe, ndipo chimene chidzamukope mwina sudzakhala mpira ayi, koma magetsi, bolodi yolembapo zigoli kapena mwana mnzake wa mumzere wakutsogolo. Zimenezi sizolakwika, ndipo musamukakamize kuyang'ana kubwalo. Popeza masewerowo ndi a madzulo, funso lofunika ndi lakuti adzatha nthawi yanji poyerekeza ndi nthawi imene iye amagona. Mwana akapitirira nthawi yake yogona sachedwa kulira popanda chifukwa chooneka, ndipo phokoso limakulitsa zimenezi. Agone masana a tsikulo, adye musananyamuke, ndipo mupite naye kuchimbudzi mutangofika ngakhale atanena kuti sakufuna. Ulendo wachiwiri wa kuchimbudzi muupange patatsala mphindi ziwiri kapena zitatu kuti chigawo choyamba chithe, anthu onse asanakhamukireko, ndipo mutenge zovala zosinthira. Funsiranitu ngati amalola kulowa ndi madzi akumwa, chifukwa malamulo a zimenezi amasiyana holo ndi holo. Chilichonse chimene mungamupatse kuti adye ali pampando chikhale chofewa. Zinthu zazing'ono, zolimba ndi zozungulira monga maswiti olimba zimatsamwitsa ana osakwana zaka 5, makamaka akadzidzimuka ndi mfuu ya chigoli chinthucho chili m'kamwa, ndipo mwana wotsamwa kwenikweni satulutsa mawu oti mungawamve m'phokoso lotere.

Mfuu ya chigoli choyamba ndi imene imaopsa ana ambiri. Anthu onse amaimirira nthawi imodzi, mwana amangoona miyendo ndi misana, ndipo bambo ake amene amawadziwa ngati munthu wofatsa akufuula manja ali m'mwamba. Muuzeni pasadakhale kuti mpira ukalowa m'golo anthu adzakuwa chifukwa chosangalala, ndipo mukhoza kuyeserera naye kunyumba ngati sewero. Zikachitika n'kuona kuti wagwira makutu, wabisa nkhope kapena wakukakamirani, mutulutseni kwa kanthawi osadikira kuti ayambe kulira. Ana ambiri amabwerera okha akapuma mphindi zisanu pakhonde. Pamenepa ndi pamene pangano lanu ndi bambo awo lidzagwire ntchito, choncho gwirizanani muli kunyumba kuti ndani atuluke koyamba, nanga mwanayo akakana kubwerera mudzakumana pati. Nkhani imeneyi ikakambidwa pampando mwana akulira imasanduka mkangano, ndipo amene amatuluka kawirikawiri ndi mayi yemwenso wanyamula khanda, chimene n'chifukwa china chosiyira khandalo kunyumba.

Kusochera kwa mwana kumachitika kawirikawiri polowa, pa nthawi yopuma ndi potuluka. Ajambuleni anawo pafoni musanalowe, kuti zitavuta muonetse oyang'anira chitetezo nkhope yawo ndi zovala zimene avala tsikulo. Lembani nambala ya foni yanu pakapepala n'kuika m'thumba mwawo, kapena pamkono pa wamng'onoyo. Onse awiri adziwe mayina anu enieni, chifukwa mwana wotayika akafunsidwa dzina la mayi ake amangoyankha kuti ndi amayi. Wa zaka 6 muuzeni kuti akakusowani aime pamene alipo osathamanga kukufunani, ndipo mumuonetse ndi chala anthu ovala yunifolomu amene angawapemphe thandizo. Kholo lililonse likhale ndi mwana wake womuyang'anira, ndipo mukamasinthana muzinena pakamwa, popeza ana ambiri amasowa pamene mayi akuganiza kuti ali ndi bambo, bambonso akuganiza kuti ali ndi mayi. Mukangokhala pansi onani khomo lotulukira lapafupi ndi linanso lachiwiri. Pothera pa masewero, tulukani patatsala mphindi zochepa kapena khalani pampando mpaka khamu litachepa, ndipo m'masitepe wamng'onoyo anyamulidwe.

Wa zaka 6 adzasangalala kwambiri mukamupatsa zinthu ziwiri kapena zitatu zoti aziyang'anira, m'malo momufotokozera malamulo onse. Mu futsal mpira ukatulukira m'mbali suponyedwa ndi manja koma umamenyedwa ndi phazi, ndipo wosewera amapatsidwa masekondi 4 okha, amene woyimbira amawerenga ndi zala dzanja lili m'mwamba, choncho mwana akhoza kumawerenga nawo. Osewera amasinthana kangapo konse mpira uli m'kati popanda kuimitsa masewero, ndipo amene watuluka akhoza kubwereranso. Zolakwa zikuluzikulu za timu zimawerengedwa pabolodi, ndipo kuyambira cholakwa cha nambala 6 m'chigawo chimodzi, timu inayo imapatsidwa mwayi womenya mpira pamtunda wa mamita 10 kuchokera pagolo popanda mpanda wa osewera. Wosewera akapatsidwa khadi lofiira, timu yake imasewera operewera kwa mphindi ziwiri kapena mpaka itachinyidwa chigoli. Chimene ana amachikonda koposa chimachitika kumapeto, pamene timu imene ikugonja imachotsa goloboyi n'kulowetsa wosewera wina wovala jezi ya goloboyi kuti onse asanu athamangire kutsogolo, golo lawo n'kutsala lopanda mlonda. Mwana akauzidwiratu zimenezi amakhala tcheru kudikira kuti zichitike, ndipo zikachitika amadziona ngati wodziwa mpira.

Makutu a mwana wa zaka 6 amatolanso mawu. M'holo mawu otukwana woyimbira kapena osewera amamveka bwino lomwe chifukwa anthu ali pafupi, ndipo mukakhala moyandikana ndi anthu amene aledzera kapena akutukwana, sinthani malo mwakachetechete kapena pemphani oyang'anira kuti akupezereni ena. Maholo ena amapatula mbali ya mabanja, ndipo n'koyenera kufunsa zimenezi pogula matikiti, pamodzi ndi msinkhu umene mwana amafunika tikiti yakeyake. Koma mawu amene mwanayo adzawasunge kwambiri ndi a bambo ake, choncho nawonso adzakhale osamala timu yawo ikamagonja.

Ngati pali mwayi wosankha, ulendo woyamba ukhale wa masewero a masana, a matimu aang'ono kapena a achinyamata, kumene mipando ina imakhala yopanda anthu ndipo mwana akhoza kusuntha osasokoneza aliyense. Masewero a ndime yotsiriza ya mpikisano kapena a matimu odana ndi amene amadzaza holo ndi kukweza phokoso, ndipo amenewo adikire mpaka mutaona mmene ana anu amachitira.

Mukabwerera kunyumba afunseni anawo ngati m'makutu mukulira kapena ngati akumva mawu ngati akuchokera kutali. Wamng'onoyo mwina sangathe kufotokoza, koma mudzamuona akugwiragwira makutu, akufunsa kuti mubwereze zimene mwanena kapena akulankhula mokweza kuposa masiku onse. Zizindikiro zimenezi zimasonyeza kuti phokoso linapitirira muyeso, ndipo kawirikawiri zimatha pakapita maola angapo kapena tsiku limodzi kapena awiri, nthawi imene anawo ayenera kukhala kutali ndi phokoso lina lililonse. Zikapitirira masiku awiri, kapena khutu likamapweteka, kutuluka madzi, kapena mwana akasiya kumva mwadzidzidzi mbali imodzi, pitani naye kuchipatala msanga kuti akamuyeze makutu. Ngati khanda munapita nalo ndipo m'masiku otsatira latentha thupi, likupuma mofulumira kapena mobanika, likukana kuyamwa kapena latuluka totupa pakhungu, musadikire kuti muone ngati zisintha, ndipo mukafika kuchipatala muwauze azaumoyo kuti mwanayo anali m'khamu la anthu ndiponso tsiku limene analiko.